Mpata wa pakati pa zimphona zisanu

Pa mpira wa ku America wa m'makoleji, chinthu choyamba chimene ndimayang'ana mpira usanayambe kuyenda ndi mapazi. Kutsogolo kwa timu imene ili ndi mpira kumawerama madzibambo asanu, ambiri mwa iwo a makilogalamu 140 kapena chapompo, ndipo pakati pa phazi la uyu ndi phazi la mnzake pamatsala mpata. Matimu ena mpatawo ndi mafiti 2, ena 3, ena mpaka 4, ndipo nthawi zina amathinana nsapato mpaka kugundana. Mukadziwa kuwerenga mpata umenewu mwadziwa theka la zimene kochi wa timuyo akuganiza, ngakhale dzina lake simukulidziwa.

Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo kuno ku Area 25: mageti, zitseko, mafelemu a mawindo. Tepi sichoka m'thumba, ndiye diso linazolowera kuyeza chilichonse, zofunika ndi zosafunika zomwe. Amene anandilowetsa m'masewerawa ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga, yemwe anapita kukaphunzira ku Texas n'kuyamba kunditumizira timavidiyo pa WhatsApp. Iye ankafuna ndione chinamtindi cha anthu m'bwalo ndi magulu oimba malipenga. Ine ndinamufunsa kuti, "Iwe, n'chifukwa chiyani ovala zofiira aja aima motalikirana kusiyana ndi anzawo?" Anangoti, "Malume, inunso mafunso anu." Kuyambira pamenepo bandulo yanga ya usiku imathera pa YouTube.

Kwa amene simunaonerepo, mwachidule zimayenda chonchi. Timu iliyonse imalowetsa anthu 11. Imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti iusunthe mayadi 10, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono. Ikakwanitsa amayambiranso kuwerenga, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Lamulo limafuna kuti anthu osachepera 7 aime pa mzere umene pali mpirawo, ndipo asanu mwa iwo amavala manambala a pakati pa 50 ndi 79 ndipo saloledwa kuwakha mpira woponyedwa kutsogolo. Asanu amenewa ndiwo offensive line. Wapakati ndi center, amene amapatsira mpira kwa quarterback (woponya mpira, amene amaima kumbuyo kwake) kudzera pakati pa miyendo. Uku ndi uku kuli ma guard, kumapeto ma tackle. Ntchito yawo ndi kutchinga basi. Mnyamata amatha kusewera zaka zinayi osagoletsapo, dzina lake n'kumamveka pokhapokha woimbira akaponya kansalu kachikasu kuti wagwira mnzake jezi, timu n'kubwezedwa mayadi 10.

Mipata ija ili ndi mayina. Wa pakati pa center ndi guard ndi A gap, wa pakati pa guard ndi tackle ndi B gap, kunja kwa tackle ndi C gap. A defense, kutanthauza timu imene ilibe mpira, amagawana mipata imeneyi, aliyense wake, ndipo akalephera mmodzi yekha kutseka wake mpira umadutsira pomwepo. Makochi ambiri amauza anyamata awo kuti asiye mafiti 2, pafupifupi masentimita 60, chifukwa pamenepo ungathe kuthandiza mnzako akapanikizika komanso patsala njira yoti wothamanga ndi mpira adutse. Pakatsala yadi imodzi kuti agoletse, onse amathinana n'kukankha pamodzi.

Ndiye panabwera Mike Leach.

Bamboyu sanasewerepo mpira umenewu pa koleji. Ankasewera rugby pa yunivesite ya BYU, kenako anaphunzira zamalamulo ku Pepperdine. Mu 1989 anakumana ndi kochi Hal Mumme pa kakoleji kakang'ono ka Iowa Wesleyan, ndipo awiriwa anayamba kuumba kaseweredwe kamene kanadzatchuka ndi dzina loti Air Raid, kongoponya mpira m'mwamba masewero onse. Kuyambira 2000 mpaka 2009 Leach anali kochi wa Texas Tech ku Lubbock, kumadzulo kwa Texas. Anyamata amphamvu a m'chigawocho amayamba alakalaka kupita ku Texas ya ku Austin, ku Oklahoma kapena ku Texas A&M, ndiye iye ankatola otsala. Ndi otsalawo anawaimika motalikirana mafiti 3, nthawi zina kuposa apo, osagwira pansi ndi dzanja, atangopinda mawondo. Mpira ukangoyamba, m'malo mothamangira mdani, ankabwerera chambuyo mwaliwiro n'kukamudikira kumeneko. Mu 2003 quarterback wake B.J. Symons anaponya mayadi 5,833 m'sizoni imodzi. Mu 2008 Texas Tech inagonjetsa Texas, imene inali nambala wani m'dziko lonse, 39 kwa 33, Graham Harrell ataponyera Michael Crabtree yemwe anagoletsa patangotsala sekondi imodzi.

Chifukwa chimene aliyense amapereka n'chakuti ukatambasula mzere, wa defense wakumapeto, amene ntchito yake ndi kuthamangira quarterback, amayamba ulendo wake ali kutali. Tsiku lina magetsi atazima ku shedi, ntchito itaima, ndinaganiza zoyeza ndekha. Ndinatenga choko chimene timalembera pa chitsulo n'kujambula pa simenti: munthu aliyense ndinamupatsa mafiti 3 a thupi lake, mipata mafiti 2, quarterback ndinamuika mayadi 8 kuseri kwa mzere wa adani, pamene amafika akabwerera kuti aponye. Mnyamata wanga wophunzira ntchito anagwira kumapeto kwa tepi. "Abwana, tikuyeza geti ya ndani?" Ndinati, "Gwira tepi, usamayankhule." Kuchokera pamene paima wa defense wakumapeto kukafika pa quarterback, chopingasa, tinapeza mafiti 27 ndi theka. Tinafufuta, n'kukulitsa mipata kufika mafiti 4. Munthu uja anasunthira kunja ndi mafiti 4 athunthu, koma tepi yopingasa inangowonjezera mafiti 2 ndi kachidutswa. Aliyense wodula chitsulo chopingasa cha pageti sangadabwe nazo, kupingasako kumadya theka la phindu.

Mafiti 2 ndi sitepe imodzi yosakwana. Sindikuipeputsa, chifukwa pakati pa quarterback woponya ataima ndi quarterback wogona chagada nthawi zambiri pamakhala sitepe imodzi yomweyo. Koma kwa ine phindu lalikulu la mipata ya Leach lili pena. Choyamba, quarterback amaona. Mzere wothinana wa anthu otalika mamita pafupifupi awiri umamutsekera maso mwini wake yemwe, pamene mzere wotambasuka umamusiyira makwalala oonera ndi oponyera. Chachiwiri, a defense amakonda kusinthana njira: wakunja amalowa mkati, wamkati n'kuzungulira kunja, kuti otchinga asokonezeke agwire munthu mmodzi awiri. Mipata ikakula, wozungulirayo ulendo wake umatalika ndipo chinyengocho chimaonekera patali. Chachitatu ndi funso limene wa defense amakakamizidwa kuyankha mpira usanayambe. Akatsatira tackle kunja, pakati patseguka ndipo wothamanga ndi mpira adutsa. Akakana kutsatira n'kuima mkati, tackle amutsekera komweko, kunja konse kwatsala mbee.

Vuto lake wowotcherera aliyense akulidziwa. Zitsulo zotchinga pawindo ukazitalikitsa umapulumutsa chitsulo, kuwala kumalowanso bwino, koma wakuba amalowetsa mkono, ndipo ukapitiriza amalowetsa mwana. Pa mpira mwana ameneyo ndi linebacker, amene amaima kumbuyo pang'ono n'kuthamangira mu A gap mpira ukangoyamba. Leach sankayesa kutseka dzenjelo ndi thupi. Ankati wolowa alowe, chifukwa pamene wachokapo pasiyidwa popanda mlonda, ndipo mpira uponyedwe pomwepo iye asanafike. Choncho kaseweredweka kamadalira quarterback woganiza msanga ndi center wodziwa kuloza, mpira usanayambe, kuti uyu ndi wanga, uyo ndi wako. Mukaona center akuloza ndi chala n'kumakuwa nambala, akugawa ntchito imeneyo.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti matimu ena amene amatambasula mzere chimodzimodzi ndi amene saponya mpira kawirikawiri. Nzeruyi ndi yakale kuposa Leach. Mu 1941 Don Faurot ku Missouri anayambitsa Split-T, yomwe maziko ake anali mipata yomweyi. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse Bud Wilkinson anagwira ntchito pansi pa Faurot ku Iowa Pre-Flight, timu ya sukulu ya asilikali, n'kutenga nzeruyo kupita nayo ku Oklahoma, kumene anapambana masewero 47 otsatizana kuyambira 1953 mpaka 1957, pamene Notre Dame inawagonjetsa 7 kwa 0. Mpaka lero palibe timu ya makoleji akuluakulu imene yafikapo pamenepo.

Adzukulu a kaseweredwe kameneko lero ndi masukulu a asilikali: Army ku West Point, Navy ku Annapolis ndi Air Force ku Colorado. Awa amasewera triple option. Amasiya dala munthu mmodzi kapena awiri a defense osawatchinga. Quarterback amalowetsa mpira m'mimba mwa fullback, wothamanga amene amaima kumbuyo kwake, maso ali pa munthu wosiyidwayo. Akathamangira fullback, quarterback amausolola n'kuthamanga nawo yekha. Akaima kudikira quarterback, mpira umasiyidwa kwa fullback. Kutsogolo kuli wosiyidwa wachiwiri, ndipo iyenso akasankha quarterback, mpira umaponyedwa chammbali kwa wachitatu. Apa mpata waukulu ntchito yake ndi kukankhira wosiyidwa uja kutali ndi pamene mpira ukuperekedwa, kuti asathe kugwira anthu awiri nthawi imodzi. Ndipo popeza awiri sakutchingidwa, otchinga asanu aja amachuluka pa otsalawo. Kaimidwe kawonso ndi kosiyana ndi ka anyamata a Leach: dzanja pansi, thupi lonse litatsamira kutsogolo, matako m'mwamba, okonzeka kufwamphuka chapansipansi.

Chifukwa chake n'chimodzimodzi ndi cha ku Lubbock. Mnyamata wa makilogalamu 150 amene akulota za NFL, ligi yaikulu ya osewera olipidwa, sapita kusukulu kumene akamaliza akuyenera kukagwira usilikali zaka zingapo, komanso kumene kuli malamulo a kulemera kwa thupi. Ndiye masukuluwa amatenga anyamata ocheperako thupi, othamanga, omvera malangizo, n'kuwapatsa mpata ndi ngodya m'malo mwa mnofu. Paul Johnson anachita zimenezi ku Navy kuyambira 2002 mpaka 2007, ndipo m'chaka chomalizacho Navy inagonjetsa Notre Dame 46 kwa 44, itagonja kwa timu imeneyo maulendo 43 otsatizana. Kenako anapita nazo ku Georgia Tech mpaka 2018. Wina amaponya tsiku lonse, wina saponya, koma onse atambasula mzere. Ine ndimati mpata waukulu ndi chida cha amphawi. Amene ali ndi zimphona zenizeni safuna masamu ambiri, amangothinana n'kukugudubuza.

N'chifukwa chake lamulo la 2022 linandinyansa pang'ono. Chida china cha matimu a option chinali cut block, kudziponya m'ntchafu kapena m'mawondo mwa mdani kuti agwe. Munthu wamng'ono sangakankhe wamkulu pachifuwa, koma angathe kumudula miyendo. Mu 2022 NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, inaletsa kutchinga kumunsi kwa chiuno kunja kwa kadera kapakati kotchedwa tackle box, ndipo mkati mwake inangololeza a pa mzere ndi ochepa oima kumbuyo kwawo. Chifukwa anati ndi kuteteza mawondo. Pamenepo sinditsutsa, bondo likaphwanyika munthu amatsimphina moyo wonse, ndipo ine amene ndimagwada pa simenti tsiku lililonse ndikudziwa mtengo wake. Koma onani amene lamulolo linawapweteka. Masukulu olemera sanataye kanthu. Army inafika posintha kaseweredwe mu 2023, quarterback n'kumaima patali ndi center, zinthu osayenda bwino. Mu 2024 inabwerera ku zake zakale, ikukankha chamtunda m'malo modula miyendo, n'kupambana masewero 12, ndipo mzere wake unalandira Joe Moore Award, mphoto imene kuyambira 2015 imaperekedwa kwa offensive line yabwino koposa m'makoleji, kwa asanu onse pamodzi. Nkhani imeneyo ndinaiwerenga ndili mu minibasi ya ku Tauni ndipo ndinaseka ndekha mpaka mayi amene ndinakhala nawo pampando anandiyang'ana.

Za olemerawo ndinene mwachangu, ngakhale kuti nazonso zili ndi luso lake. Pothamanga ndi mpira pali njira ziwiri zikuluzikulu. Ina ndi zone blocking: asanu onse amaponda sitepe yoyamba mbali imodzi, aliyense n'kutenga amene wapezeka m'dera lake. Awiri amayamba limodzi pa munthu mmodzi, chiuno ndi chiuno, kenako mmodzi amamusiyira mnzake n'kukwera kukagwira linebacker. Wothamanga ndi mpira sauzidwa khomo, amayang'ana pamene pang'ambika. Apa mipata singakule kwambiri, chifukwa ukatalikira mnzako simungakumane pa munthu mmodzi nthawi yake. Kirk Ferentz, amene wakhala kochi wa Iowa kuyambira 1999, wadyera njira imeneyi zaka zonsezi, ndipo mzere wake unatenga mphoto ija mu 2016. Masewero a Iowa ena amati ndi ogonetsa tulo. Ine ndimawaonera ndi chidwi, koma ndikuvomereza kuti pafunika tiyi.

Njira inayo ndi gap scheme, yomwe masewero ake otchuka ndi power ndi counter. A mbali imene mpira ukupita onse amakankhira adani awo mkati, ndiye guard wa mbali inayo amachoka pamalo pake, kuthamanga kuseri kwa anzake, n'kukatulukira pa khomo limene latsegulidwa, wothamanga ndi mpira ali pambuyo pake. Munthu wa makilogalamu 140 akutuluka pakona pa liwiro, kukumana ndi kamnyamata ka makilogalamu 90. Michigan inatenga mphoto ija kawiri kotsatizana, 2021 ndi 2022, ikuchita zoterezi pamaso pa anthu oposa 107,000 m'bwalo lake la ku Ann Arbor. Bingu National Stadium yathuyi mungaidzaze kawiri anthu n'kutsalabe panja.

Njirazi zimakwatirananso. Bill Bedenbaugh anasewera pa mzere ku Iowa Wesleyan nthawi ya Mumme ndi Leach, anaphunzitsa ku Texas Tech, kenako anakhala kochi wa mzere ku Oklahoma. Kumeneko, ndi kochi Lincoln Riley yemwenso anakulira m'manja mwa Leach, anasakaniza kuponya kwa Air Raid ndi counter yokoka guard ndi tackle onse awiri. Mzere wawo unatenga mphoto ija mu 2018, chaka chimene quarterback wawo Kyler Murray analandira Heisman, mphoto ya wosewera wabwino koposa m'makoleji. Olemera akabwereka nzeru ya amphawi n'kuikamo zimphona zawo, zimakhala zoopsa.

Pali pamene mpata waukulu suthandiza, ndipo okonda Leach sitimakonda kukambapo. Wonsewo unapangidwira mdani amene akubwera. Nanga akapanda kubwera? Mu 2020, pa masewero ake oyamba ndi Mississippi State, Leach anagonjetsa LSU, akatswiri a chaka chapitacho, 44 kwa 34, quarterback wake K.J. Costello ataponya mayadi 623. Sabata yotsatira Arkansas inangotumiza anthu atatu kuthamangira quarterback, asanu ndi atatu onse n'kubwerera kumbuyo kukatseka malo oponyera, ndipo inapambana 21 kwa 14. Otchinga asanu pa anthu atatu, awiri akungoyang'ana uku ndi uku opanda wogwira. Mankhwala ake ndi kuthamanga ndi mpira pakati pomwe patsegukapo mpaka adaniwo abwerere kutsogolo, koma Leach anali wamakani, sankakonda zimenezo. Ku Washington State, kumene anakhala kuyambira 2012 mpaka 2019, anagonja kwa anansi ake a Washington zaka 7 zotsatizana, kawirikawiri m'njira yofanana ndi imeneyi. Anamwalira mu Disembala 2022 asanasinthe maganizo. Apa ndiye ndimaona kuti a option anamuposa: iwo mdani akabwerera kumbuyo amasangalala, amangodya mayadi 4, mayadi 4, wotchi ikutha.

Mukafuna kuyesa kuonera, masewero ambiri amakhala Loweruka kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Disembala. Oyamba 12 koloko masana ku New York kuno amakhala 6 koloko madzulo, ndipo kuyambira Novembala iwo akabweza mawotchi awo imakhala 7 koloko. Akuluakulu a usiku amatipeza cha m'ma 1 koloko kapena 2 koloko m'bandakucha, amenewo ine ndimaonera mawa lake ndikaweruka kutchalitchi. Kamera ya m'mbali mwa bwalo imabisa mipata, ndiye dikirani akamabwereza kuchokera kuseri kwa quarterback, imitsani pomwepo, ndipo muyerekeze mpatawo ndi kukula kwa mapewa a guard. Ukakhala wochepera thupi lake ndi wamba, ukafanana nalo kapena kuposa ndiye kuti kochiyo ali ndi zolinga zina.

Kenako yang'anani dzanja la guard limene lili pansi. Likakhala lolemedwa, zala zitaphwatalala, chidendene chitanyamuka, munthuyo akupita kutsogolo ndipo mpira uthamangidwa. Likangokhudza udzu pang'ono, thupi litakhalira kumbuyo, ndiye kuti abwerera kukateteza woponya kapena achoka pamalopo kukazungulira mbali ina. Ma linebacker amaphunzitsidwa kuwerenga zimenezi, ndipo ma guard ochenjera amaphunzitsidwa kuima mofanana nthawi zonse kuti asawerengeke. Pa foni yanga yong'aluka galasi ndimafunika kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri kuti ndione dzanjalo, koma pa ma guard a chaka choyamba limaoneka ndithu.